A Joakina ndi Makapulana a Ukwati wa ku Mongue

Pa maliro a amadirinya anga a Joakina, mwezi wathawu, achibale anandipempha kuti ndiyankhule m'malo mwa ana awo a ubatizo. Ndinaimirira pafupi ndi bokosi n'kunena kuti anali mayi wolimba mtima, wosaopa ntchito, amene anandilera ngati wobala yekha. Zonsezo n'zoona. Koma ndinkayankhula maso ali pansi, chifukwa pagulupo panali amayi awiri okalamba ochokera ku Mongue amene amadziwa nkhani imene ndinailumpha. Mmodzi wa iwo ankangondiyang'ana atagwira chibwano. Zimene ndinalephera kunena pamanda paja ndizinena pano.

Anali mayi wamfupi, wa akatumba m'miyendo ngati mwamuna, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Akamayankhula nawe ankakugwira pamkono, osakusiya mpaka atamaliza. Ndinawadziwira ku msasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa Ruo, m'dera la Mulanje. Mayi anga atamwalira kumeneko, a Joakina ndi amene anandiimira pa ubatizo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula kuti amadirinya, monga timatchulira kwathu kuno mayi wa ubatizo. Nkhondo itatha tinabwerera ku Milange pa lole imodzi. Ine ndinali ndi mwana kumsana, mwamuna ndilibe.

Tinapeza nyumba zopanda madenga, mitengo itamera m'kati mwa masitolo, minda ya tiyi itasanduka tchire. Loja, kapena kuti sitolo, yoyamba kutsegulidwa pa msewu wa kumalire inali ya a Karimu, mwenye wochokera ku Mocuba. Anthu akumidzi sankafika m'tauni kawirikawiri, poti milatho inali yogumuka ndipo njinga anali nazo ndi owerengeka. Choncho a Karimu ankafuna anthu oti aziwasenzera makapulana, zitenje zathu zija, kupita nawo kumidziko. Malipiro a pamwezi panalibe. Pa kapulana iliyonse imene wagulitsa unkalandira kagawo kako, kamene tinkati komisau. Ukabwerera osagulitsa, ndiye kuti wayenda chabe. Nsalu ikanyowa ndi mvula kapena kubooledwa ndi chiswe, mlandu unali wako. Amuna ambiri anayesa sabata ziwiri n'kusiya. A Joakina anakhalitsa, ndipo ndi iwo amene anandikokera kumeneko atandiona ndikuswa miyala m'mbali mwa msewu.

Amuna awo, a Zakariya, sanaikonde ntchitoyi kuchokera pachiyambi. Nthawi yomweyo bungwe lina lokonza milatho linkafuna mayi wophikira antchito ake, wolandira pamwezi, ndipo a Zakariya anali atawapezera kale malowo kudzera mwa msuweni wawo. Ndinalipo tsiku limene anakangana, ndikusenda chinangwa pakhonde.

"Akazi anga, mwezi ukatha ndalama ili m'manja, mvula igwe isagwe. Mukukana chiyani?"

"Ndaima pamzere kumsasa zaka zonse zija, khadi m'manja, kudikira munthu andithirire nandolo m'thumba. Mzere wina sindikuufunanso."

"Uwu si mzere, ndi ntchito."

"Ndikaphika bwino andipatsa zomwezo, ndikapsereza andipatsa zomwezo. Nanga mutu wangawu ndiugwiritsa chiyani?"

Mkangano umenewu sunathe mpaka a Zakariya anamwalira. Unkangosintha mwini malinga ndi nyengo. Miyezi yokolola, anthu akagulitsa chimanga kwa ogula a ku Malawi n'kukhala ndi makwacha m'mfundo za nsalu, a Joakina ankabwerera mutu uli wopepuka, mtolo wonse utatha. Chaka china anagula wailesi, n'kukaiika pamiyendo pa amuna awo, n'kuwafunsa ngati mayi amene anatenga ntchito yophika ija wagula yake. Koma mwezi wa Febuluwale, pamene palibe amene amaganiza za nsalu, ankayenda sabata yathunthu n'kubwerera ndi mtolo womwewo utangolemera ndi chinyezi. Pamenepo a Zakariya ankafunsa mofatsa, akuyang'ana kumbali, ngati lero komisau tiidya yophika kapena yokazinga. A Joakina ankangoti walira mvula walira matope, n'kupita kudimba kukathyola chisoso. Bungwe la milatho lija litachoka patapita zaka ziwiri, mayi wophika n'kutsala manja lende, a Joakina anaikamba nkhaniyo mwezi wathunthu. Sanali munthu wopambana mwakachetechete.

Kagulitsidwe kawo kanali kodabwitsa kwa ine poyamba. Akafika pamudzi sankamasula mtolo. Ankauika pamthunzi n'kukhala pamphasa, kufunsa za chifuwa cha agogo, kuthandiza kusenda nandolo. Ankadziwa mayi aliyense amene mwana wake sanabwerere kunkhondo, ndipo dzina la mwanayo ankalikumbuka. Kwa Alomwe ankayankhula Chilomwe, kwa aphunzitsi ndi anamwino Chipwitikizi chothyokathyoka koma chopanda manyazi. Mtolo unkamasulidwa mwini nyumba akafunsa yekha kuti mwatitengera chiyani lero. Ine ndinkapsa mtima ndi kuchedwako, dzuwa likupita. Iwo ankandiuza kuti pa ntchito yathuyi ndalama imabwera tsiku limodzi, koma ntchito yeniyeni imagwiridwa masiku onse aja amene sunagulitse kanthu.

Sanali mngelo. Nsalu yonyansa ankayamba kuionetsa ndi yomweyo, kuti yachiwiri ioneke yokongola kuposa mmene inalili. Ankakondanso kunena kuti mtundu uwu yatsala imodzi yokha, pamene zitatu zili pansi pa mtolo. Ndikawafunsa ankaseka, amvekere tchimo limenelo a padiri, wansembe wathu, analimva mpaka anatopa nalo. Koma nsalu yosuluka sankaisenza. Mu loja momwemo ankanyowetsa ngodya ya kapulana ndi malovu n'kuitikita pa kansalu koyera, a Karimu akuona. Utoto ukatsalira, ankaikankhira kumbali. Tsiku lina anakana belo lathunthu, a Karimu n'kukalipa kuti wogulitsa sasankha katundu. A Joakina anawayankha kuti patarau, mwini loja, amakhala kuseri kwa kauntala, koma nkhope imene amayi a ku Mongue adzailavulire nsalu ikasuluka ndi yawo. Anakhala sabata ziwiri osagwira ntchito, osalandira kanthu, mpaka a Karimu anatuma munthu kukawaitana.

Masiku amenewo m'njira zina munali mabomba okwirira. Ankayenda patsogolo ndi iwo, n'kundilamula kuti ndiziponda pamene aponda. Ndikafuna kupatuka kukadzithandiza, ankayamba ayang'ana pamene padutsa mbuzi. Munthu amene ndinamuchita zimene ndikufuna kunenazi ndi ameneyo.

Chinali chaka chachitatu titabwerera. Pamudzi wina ku Mongue akhristu ankamanganso kapela, tchalitchi yawo yaing'ono, imene inatenthedwa pankhondo. Anagwirizana kuti ikatha, a padiri adzabwere kuchokera ku Milange kudzaidalitsa, ndipo tsiku lomwelo adzadalitse maukwati a onse amene anakwatirana kumisasa ndi kutchire popanda tchalitchi. Anali mabanja khumi ndi awiri. A Joakina anamva nkhaniyi mvula itangoyamba, ndipo anaona zimene wina aliyense sanaone. Dzinja lonse ankapita kumeneko sabata ziwiri zilizonse, kuwoloka mitsinje yodzaza, osagulitsa ngakhale mpango. Ankatunga madzi a omanga, kusenza njerwa limodzi ndi amayi, uku akuwanyengerera pang'onopang'ono kuti patsikulo akwatibwi, amayi awo ndi a kwaya onse adzavale kapulana ya mtundu umodzi. Anasankha yobiriwira ya mbalame zachikasu. A Karimu anavomera kuti adzaitanitsa ku Quelimane ndalama zikadzafika, ndipo ndalamazo ankasonkhanitsa ndi a katekisiti, a Alberto, podikira kuti anthu agulitse chimanga.

Chimanga chitagulidwa, a Joakina anaponda chitsa. Phazi linatupa mpaka m'bondo, osatheka kuliponda pansi. Anandiitana kunyumba kwawo.

"Tereza, mwanawe, pita kwa a katekisiti ukatenge ndalama zija. Ukapereke kwa a Karimu, ukanene kuti ndi za makapulana a a Joakina. Usachedwe, nsalu imatenga nthawi kuchokera ku Quelimane."

Ndinapita. Sindinganame kuti ndinanyamuka ndi maganizo oipa, komanso sindinganame kuti anandigwera mwadzidzidzi. Ndinayenda nawo njira yonse. Lamulo la pa loja linali lodziwika: komisau ndi ya amene wabweretsa ndalama. Ndinali nditatopa ndi kugulitsa ziwiriziwiri, ndipo gawo la nsalu zimenezi linkaposa zimene ndinkapeza miyezi inayi.

A katekisiti anandilandira bwino n'kufunsa za amayi.

"Mwendo wawakanika," ndinatero. "Ntchitoyi aisiya. Anthu awo onse andisiyira ine."

Anadandaula kwambiri, n'kundipatsa ndalama zili m'kathumba ka shuga, n'kuwonjezera nkhuku yoti ndikawapatse odwalawo. Ku loja, a Karimu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Izi si za amayi ako?"

"Anayamba ndi iwo, patarau, koma anthu anali atasintha maganizo. Ndachita kuwabweza ndine."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatukula mapewa. Kwa iwo nsalu inali itagulidwa, basi.

Kwa amadirinya ndinapereka nkhuku ija n'kuwauza kuti anthu sanamalize kusonkha, tidikire. Bodza limenelo ndinalisenza sabata zitatu. Ndikapita kukawazonda ankandiuza kuti ndidzitengere mbatata mumphika, n'kumandifunsa za mabanja aja mmodzimmodzi, ndani wakolola bwino, ndani akuvutika. Ine ndinkayankha mbatata ili m'kamwa. Nsalu zitafika ndinakazipereka ndekha, ndipo ndi komisau yake ndinagula njinga kutsidya, ku Muloza, n'kukaisungitsa kwa mnzanga kuti asaione.

Amadirinya anamva zonse kwa mayi wina wa ku Mongue amene anabwera ndi mwana kuchipatala n'kupatukira kwawo kukawapepesa kuti asiya ntchito. Mayiyo anayamikiranso kuti mbalame zachikasu zija zakongola kuposa mmene ankaganizira. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. A Joakina sananditumire uthenga uliwonse.

Tsiku la maukwati ndinafika m'mamawa pa njinga yanga. Bwalo lonse linali lobiriwira ndi nsalu ija, kapela itapakidwa laimu, ng'oma zikuwambidwa pamoto. Ndili mkati mothandiza a kwaya, ndinamva mawu aja a amadirinya kumbuyo kwanga akukalipira mkwatibwi wina kuti duku samanga choncho ngati akupita kumunda. Anali atakwera lole ya chimanga mpaka pamphambano, kotsalako n'kuyenda ndi ndodo, phazi atalikulunga nsanza. Anandiona, n'kundiitana ndi dzanja.

"Tereza, gwira apa, ndimange mfundo."

Ndinagwira. Tinawaveka akwatibwi onse khumi ndi awiri tili limodzi.

Misa itatha, pa nthawi ya zothokoza, a katekisiti anandiitana kutsogolo monga amene anabweretsa nsalu. Ndikuyenda, ndinamva kung'ung'udza kumbali ya amayi. Mayi wina wachikulire, mmodzi wa awiri amene anadzabwera kumaliro aja, anayankhula mokweza kuti amene anasenza njerwa dzinja lonse ndi a Joakina, nanga uyu watulukira kuti, ndipo ngati a Joakina anasiya ntchito, bwanji sanabwere kudzatsanzika okha? A padiri anatembenuka kuyang'ana a katekisiti. Ine ndinaima pakati, manja ndikusowa powaika.

A Joakina anadzuka ndi ndodo yawo.

"Uyu ndi mwana wanga. Ndinamutuma ndine, ndipo zonse zimene ananena ndinamuuza ndine. Muombereni m'manja, wagwira ntchito."

Anthu anaomba. Nthungululu zinamveka. Mayi uja sanaombe.

Pobwerera ndinawapeza panjira akutsimphina kulowera kumphambano. Ndinatsika panjinga.

"Amadirinya, kwerani ndikukwezeni."

Anaiyang'ana njingayo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kukanikiza tayala ndi chala.

"Ndi yolimba. Uzithira mafuta tcheni, fumbi la kuno limadya."

"Kwerani, phazilo litupanso."

"Ndiyenda."

Tinayenda choncho, iwo ndi ndodo, ine ndikukankha njinga yopanda munthu. Patapita mtunda anayankhula osandiyang'ana.

"Ndinali nditaganiza kale zokugawira komisauyo pakati. Ndimafuna ndidzakuuze nsalu zikafika."

Ndinakankhabe njinga, iwo n'kupitiriza.

"Ku Mongue ndakusiyira. Ndanamiza anthu aja pamaso pa a padiri, mkati mwa bwalo la tchalitchi. Sindingakakhalenso pamphasa zawo n'kumawauza kuti nsalu iyi sisuluka."

Pamenepo mpamene ndikanagwada mumsewu. Mawu opepesa ndinali nawo. Koma lole inatulukira, iwo anaikweza dzanja, anyamata a pamwamba anawakoka, ndipo ine ndinatsala ndi njinga yanga.

Phazi litapola anakauza a Karimu kuti azipita ku Molumbo. Aliyense wa kuno amadziwa kutalika kwake ndi kuipa kwa msewu wake. Kumeneko kunalibe amene ankawadziwa, choncho anayambiranso pachiyambi, mayi woti ali ndi zidzukulu: kukhala pamphasa za alendo, kuphunzira mayina a ana awo, kubwerera ndi mtolo wosamasula. Ankachoka Lolemba n'kubwera Loweruka, nthawi zina sabata inzake. Chaka choyamba wailesi ija inagulitsidwa. A Zakariya sanandipatsenso moni mpaka imfa yawo. Tikakumana ankayang'ana phiri la Tumbine ngati aliona koyamba. Koma a Joakina sanauze munthu. Pa Pasaka ankanditumizirabe nyemba, ndipo mwana wanga atadwala chikuku anabwera kudzakhala naye masiku atatu.

Ine ku Mongue zinandiyendera. Amayi ankagula kwa ine chifukwa ndinali mwana wa a Joakina, wotumidwa ndi iwo. Benchi imene ndili nayo lero mumsika inachokera kumeneko.

Kamodzi kokha ndinayesa kukonza. Patapita zaka zingapo, pa Khirisimasi, ndinasankha kapulana yabwino kuposa zonse zimene ndinali nazo n'kupita nayo kwawo. Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Anaitambasula, ananyowetsa ngodya ndi malovu, anatikita pa mpango wawo, n'kugwedeza mutu movomereza.

"Iyi ndi nsalu. Ukugulitsa bwanji?"

"Ndi mphatso, amadirinya."

"Pa ntchito yathuyi mphatso kulibe, mwanawe. Ukaona munthu walandira chaulere, dziwa kuti pali wina amene wataya gawo lake."

Anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kundiika ndalama m'manja, n'kupinda zala zanga ndi dzanja lawo. Sanayankhule mwaukali. Anandiyang'ana, kudikira. Ndikudziwa tsopano kuti sankadikira kapulana. Ankadikira mawu aja. Ine ndinangothokoza kuti obrigada, n'kuika ndalamazo m'thumba, n'kuyamba kukamba za mvula. Kulandira ndalama kunali kopepuka kuposa kunena kuti ndinakuberani.

Za ntchitoyo sanadandaulepo. Ku Molumbo nako anadzadziwika, moti ana angapo kumeneko anapatsidwa dzina lawo. Ndi makapulana omwewo anaphunzitsa mwana wawo wamkazi mpaka anakhala namwino ku Mocuba, ndipo ankanyadira kuti palibe munthu anawauzapo ola loyambira kapena lowerukira. Koma mawondo atatha, zonse zinathera pomwepo. Tsiku limene analephera kusenza mtolo linali tsiku lomaliza kulandira kanthu. A Karimu anali atamwalira, ndipo ana awo amene anatenga loja sankadziwa n'komwe kuti gogo wodutsa ndi ndodoyo ndi ndani. Zaka zomalizira ankadalira mwana wa ku Mocuba uja ndi mpongozi wawo Rozita, amene ankakhala nawo. Ine ndinkatumiza sopo ndi shuga kudzera mwa anthu. Kupita ndekha ndinkazengereza, ndikumati sabata yamawa.

Dzulo ndinapita kunyumba kwawo. Rozita anali kuseri akuanika ufa, ndipo anandiuza kuti ndilowe ndione ngati pali kanthu koti nditenge kokumbukira. Chipinda chawo achisesa kale. Mphasa aipinda n'kuiimika pakona, pamsomali patsala kolona yoduka chingwe. Fungo la mankhwala opaka m'mawondo silinachoke. Sindinakhudze kanthu.

Potuluka ndinazungulira kumbali ya nyumba, kumene denga limatsika. Pansi pa tsindwi pali waya wautali womangidwa kuchokera ku nsanamira ina kufika ku inzake, ndipo pawayapo apachikapo mapatapata akale, ambirimbiri, otungidwa ngati nsomba zouma. Rozita akuti amadirinya sankalola kuti atayidwe. Onse ndi odyeka chidendene mpaka kubooka, zingwe zake zolumikizidwa ndi waya, zina ndi nsanza za kapulana. Akumanzere ndi odyeka kwambiri kuposa akumanja, chifukwa phazi lija silinabwererenso mwakale. Dothi lofiira la ku Molumbo likadali m'ming'alu yake. Pansi pake pali mwala wosalala umene ankakhalira potsuka mapazi akabwera ku ulendo, ndi beseni lobooka limene nkhuku zayamba kuikiramo mazira. Pamwalapo pagwera masamba a mango, ndipo palibe amene wawasesa.